Decoder ya 74138 ikukana kutsatira truth table yanu? Musazule kaye mawaya

Nyengo ya ma project ikafika, benchi yanga ku Ndirande imadzadza ndi ma breadboard, timabolodi ta mabowo tomangirapo circuit yoyeserera. Ine ntchito yanga yeniyeni ndi yokonza ma TV, ma amp ndi ma inveta, koma ana a electrical anazindikira kuti ndili ndi mita komanso ma IC (timachip ta miyendo yambiri) angapo m'kabati, ndiye amabwera, wina wochokera ku Chichiri, wina ku Limbe, wina ku Chirimba uko, breadboard ataikulunga mu jumbo kuti mawaya asazuke mu minibasi. Akangoiika pa benchi mawu amakhala omwewo: "Achimwene, pa kompyuta ikugwira bwinobwino koma pano ikukana, ndiye kuti IC yapsa, mundigulitse ina." Chomwe chimandiwawa n'choti ambiri amafika atazula kale mawaya onse kawiri katatu n'kulumikizanso, ndalama ya ndiwo atagulira IC yachiwiri, koma vuto likadali pomwepo chifukwa IC ija sinapse n'komwe.

Ndiye ndati ndilembe zomwe ndimawauza pa benchipa, mwina zithandiza wina yemwe sangafike kuno.

Circuit ya combinational, ngati ya decoder ya 74138, siikumbukira kanthu. Zomwe ikutulutsa panopa zikudalira zomwe mwalowetsa panopa basi, osati zomwe munalowetsa dzulo kapena mphindi yathayi. Ngati ma input ndi atatu, mizere yonse ndi 8, ndipo mutha kuiyesa yonse tiyi asanazizire. Ndiye musanakhudze waya ngakhale mmodzi, tengani pepala, pambali pa truth table yanu, ndandanda ija yosonyeza output yoyenera pa mzere uliwonse wa ma input, jambulani kolamu ina yolembamo zomwe LED yachitadi, yendani mzere ndi mzere kuyambira 000 mpaka 111. Mizere yomwe yalakwikayo ndi imene imaloza pomwe pali vuto. Mukazula mawaya mwafufuta umboni wonse, mwatsala ndi kulota.

Tiyeni tigwire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, chomwe aliyense wokhala mu Blantyre achimva. M'makomo ambiri madzi amabwera nthawi yomwe afuna, ndiye anthu amaika thanki pansi yolandira madzi, ina pamwamba pa nsanja, ndi pampu pakati. Ma input atatu: M ikhale 1 ngati m'thanki ya pansi muli madzi, T ikhale 1 ngati thanki ya pamwamba yatsika, D ikhale 1 ngati munthu wadina batani kufuna kupopa yekha. Pampu iyende pokhapokha pansi pali madzi, ndipo mwina thanki yatsika kapena batani ladinidwa. Popanda madzi isayende zivute zitani chifukwa pampu yoyenda youma imawonongeka. Truth table yake, M ali kumanzere, T pakati, D kumanja:

mzere 0: 0 0 0, pampu 0
mzere 1: 0 0 1, pampu 0
mzere 2: 0 1 0, pampu 0
mzere 3: 0 1 1, pampu 0
mzere 4: 1 0 0, pampu 0
mzere 5: 1 0 1, pampu 1
mzere 6: 1 1 0, pampu 1
mzere 7: 1 1 1, pampu 1

Ma minterm, kutanthauza mizere yomwe yankho lili 1, ndi 5, 6 ndi 7. Decoder ya 3-to-8 ngati 74138 ntchito yake ndi kusankha output imodzi mwa 8 malinga ndi nambala yomwe yalowa, ma output ake amatchedwa Y0 mpaka Y7, ndiye timangotola Y5, Y6 ndi Y7 n'kuziphatikiza mu gate imodzi. Pa pepala zaphweka choncho. Tsopano tione pomwe zimakhotera.

LED ikungoyaka pa mizere yonse, kapena ikuyaka mosemphana

Ili ndiye vuto lomwe ndimakumana nalo kuposa onse. M'kalasi komanso mu Logisim, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera ma circuit, decoder ikasankha output imaikweza kukhala 1, zina zonse zili 0, ndiye mumaphatikiza ndi OR gate n'kuona zikuyenda. Koma 74LS138 kapena 74HC138 yomwe mwagula ija ma output ake ndi active low. Yomwe yasankhidwa imatsika kufika 0, zinazo 7 zimakhala 1. Pa datasheet mudzaona timabwalo ting'onoting'ono pa ma output kapena kamzere pamwamba pa Y, tanthauzo lake ndi limenelo, si zokongoletsa ayi.

Taganizani tsopano mwatenga Y5, Y6, Y7 n'kuziika mu OR ya 7432. Pa nthawi imodzi output imodzi yokha ndi yomwe ingakhale 0, ndiye ziwiri zinazo nthawi zonse zili 1, OR ikaona 1 imatulutsa 1, LED siizima olo mudine chani. Mukaona kolamu yanu yadzadza ma 1 okhaokha, yang'anani kaye nambala yolembedwa pa IC yachiwiriyo.

Mankhwala ake ndi NAND. NAND imatulutsa 1 pamene input imodzi kapena zingapo zili 0, ndipo ndi zomwe tikufuna: Y5 kapena Y6 kapena Y7 ikatsika, pampu iyende. Ndi lamulo la De Morgan lija munaloweza pofuna mayeso, kuti NAND ndi chimodzimodzi OR yokhala ndi ma input otembenuzidwa, pano mukuliona ndi maso. Pa ma output atatu gwiritsani 7410, ili ndi ma NAND atatu a ma input atatu-atatu. Ngati muli ndi 7420 ya ma input anayi palibe vuto, input yotsalayo ilumikizeni ku 5V kapena muiphatikize ndi inzake. Musaiponye ku ground poganiza kuti "siikugwira ntchito ndiye ikhale 0", mukatero NAND ija iziona 0 nthawi zonse ndipo LED iziyaka mpaka kalekale, mwabwerera pa vuto lomwe lija mwa njira ina.

Ngati LED ikuyaka pa mizere 0 mpaka 4 n'kuzima pa 5, 6, 7, ndiye kuti mwaika AND m'malo mwa NAND, kapena LED mwailumikiza kuchokera ku 5V kulowa ku output, imene imayaka output ikakhala 0. Koma AND musaide. Pali kanjira kena kabwino: mukaphatikiza ndi AND ma output a mizere yomwe ili 0, apa Y0 mpaka Y4, mumapeza yankho lolondola lomwelo. Pa pampu yathuyi sizikuthandiza chifukwa ma 0 ndi ambiri, koma mukakumana ndi truth table yokhala ndi ma 1 okwana 6 ndi ma 0 awiri okha, AND imodzi ya ma input awiri ya mu 7408 yamaliza ntchito yonse. Ndipo ngati mukufunitsitsa OR yanu ija, ilipo 74HC238, miyendo yake ndi yofanana ndi ya 138 koma ma output ndi active high, kungoti siipezeka wamba m'mashopu.

LED siikuyaka pa mzere uliwonse

Apa pitani ku ma enable, miyendo yomwe imadzutsa kapena kugoneka decoder. 74138 ili ndi atatu: G1 pa pini 6 imafuna 1, G2A pa pini 4 ndi G2B pa pini 5 zimafuna 0. Imodzi yokha ikalakwika decoder imagona, ma output onse 8 amakhala 1, NAND ikaona ma 1 okhaokha imatulutsa 0. Anthu amasiya pini 4 ndi 5 zili mbee poganiza kuti mwendo wosalumikiza ndi 0, pomwe pa mtundu wa LS, ngati 74LS138, mwendo wosiyidwa umawerengedwa ngati 1. Choncho pini 6 ku 5V, pini 4 ndi 5 ku ground, ndi waya weniweni.

Chinanso, omwe amajambula mu Proteus samaona miyendo ya magetsi chifukwa pulogalamuyo imaibisa n'kuilumikiza yokha, ndiye akamakopera pa breadboard amaiwala kuti IC imadya. Pa 74138 pini 16 ndi 5V, pini 8 ndi ground. Pa 7410 ndi 7420, zomwe zili ndi miyendo 14, pini 14 ndi 5V, pini 7 ndi ground. Ndipo poyeza ikani mita pa mwendo weniweni wa IC, osati pa bowo la breadboard loyandikana nalo. Ndaonapo kangapo mwendo utapindikira pansi pa IC osalowa m'bowo, kuyang'ana pamwamba zikuoneka zili bho. Ma breadboard ena aatali mizere yofiira ndi yabuluu ya m'mbali ija imaduka pakati, theka lina lili ndi magetsi lina lilibe, mpaka muwoloketse ndi kawaya.

Mizere iwiri yasinthana malo

Ili ndimafuna mulimvetsetse chifukwa ndi loopsa, circuit imaoneka ngati ikugwira. Anabwera mtsikana wina wa chaka chachiwiri ndi circuit ya mtundu womwewu, atakhumudwa kwambiri, akuti mizere 6 ikulondola koma iwiri ikukana, ndipo chomwe chimamuzunguza mutu n'choti sabata yapitayo anapanga full adder, circuit yowonkhetsa ma bit atatu, pa decoder yomweyo, mawaya a ma input osawasuntha, ndipo inagwira yonse. Ndinamufunsa kuti, "Chemwali, ikukana mizere iti?" Akuti 3 ndi 6. Ndisanagwire mita ndinamuuza kuti ayang'ane waya yemwe ali pa pini 1.

Nkhani yake ndi iyi. Pa truth table timazolowera kulemba A B C, A ali kumanzere ngati bit yaikulu yolemera 4. Koma pa 74138 mwendo wotchedwa A, pini 1, ndi bit yaing'ono yolemera 1, B pa pini 2 imalemera 2, C pa pini 3 ndiye yolemera 4. Munthu amaona A pa pepala, A pa datasheet, n'kulumikiza. Pa pampu yathu ndiye kuti M wapita ku pini 1, D wapita ku pini 3, ndipo decoder ikuwerenga nambala chobwerera. Mizere 000, 010, 101 ndi 111 kaya muiwerenge kuchokera kumanja kaya kumanzere ndi yomweyo, ndiye 0, 2, 5 ndi 7 sizisintha. Koma 001 imasanduka 100, ndipo 011 imasanduka 110. Mzere 1 wasinthana ndi 4, mzere 3 wasinthana ndi 6. Pa pampu 1 ndi 4 onse ndi 0 ndiye simuona kanthu, koma 3 ndi 6 ndi pomwe pali ngozi: pa mzere 6 madzi alipo, thanki yatsika, pampu ili duu, pomwe pa mzere 3 pansi mulibe dontho, munthu wadina batani, pampu ikuyenda youma. Chinthu chomwe timapangira circuit yonseyi kuti chisachitike ndi chomwe chikuchitika.

Nanga full adder ija inagwira bwanji? Sum yake ndi ma minterm 1, 2, 4, 7, carry ndi 3, 5, 6, 7. Taonani, 1 ndi 4 onse ali mu sum, 3 ndi 6 onse ali mu carry. Adder siisamala kuti ndani wabwera ndi 1, imangowerenga kuti ma 1 alipo angati, ndiye olo musinthanitse ma input momwe mungafunire yankho silisintha. Cholakwikacho chinalipo kuyambira sabata yoyamba, chinangobisala. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira wiring ya decoder yomwe yangoyesedwa ndi adder kapena circuit ya mavoti ija yoti awiri mwa atatu agwirizane. Mtsikana uja anangosinthanitsa mawaya awiri, pini 1 ndi pini 3, mizere yonse 8 inalowa m'malo, ndipo IC yomwe anabwera kudzagula sanaigule.

Chizolowezi chabwino: pa truth table musagwiritsenso A B C. Lembani zilembo za zinthu zenizeni ngati M T D, pamwamba pake lembani 4, 2, 1, kenako 4 apite ku pini 3, 2 ku pini 2, 1 ku pini 1.

Ngati LED ikuyaka pa 0, 1, 2 m'malo mwa 7, 6, 5, limenelo ndi lina, ma switchi onse atatu ndi otembenuka, pomwe mukuti 1 IC ikuona 0. Tifikako pansipa.

Mzere umodzi wokha ukusowa

Kawirikawiri ndi kuwerenga miyendo. Ma output a 74138 amayambira pa pini 15 n'kumatsika: Y0 ndi pini 15, Y1 ndi 14, Y2 ndi 13, Y3 ndi 12, Y4 ndi 11, Y5 ndi 10, Y6 ndi 9. Y7 siili pa pini 8, pamenepo ndi ground. Y7 inawolokera tsidya lina pa pini 7. Mukalakwitsa n'kutenga pini 8 mwapatsa NAND 0 wosatha, LED iziyaka nthawi zonse. Powerenga, kachibowo ka pa mutu wa IC kakhale kumanzere kwanu, pini 1 ndi ya pansi kumanzere, muziyenda chakumanja, mukafika kumapeto mukwere pamwamba n'kubwerera chakumanzere.

7420 nayo ili ndi msampha wake. Ma input a gate yoyamba ndi pini 1, 2, 4 ndi 5, output ndi 6. Pini 3 siinalumikizidwe ndi chilichonse mkatimo, chimodzimodzi pini 11 mbali inayo. Munthu amangondandalika mawaya 1, 2, 3, ndipo waya wa pa 3 uja akulankhula ndi khoma. Ngati anali wochokera ku Y7, mzere 7 sudzayaka, ina yonse ili bwino.

Switchi siikusintha kanthu

Apa ndi pomwe LS ndi HC zimasiyana khalidwe, ndiye werengani zilembo zapakati pa nambala ya IC yanu. Wiring yomwe ndimaiona kwambiri ndi switchi yochokera ku 5V kupita ku input, basi. Mukaitseka input ili pa 5V, ndi 1. Mukaitsegula input siili pa 0, yangolekedwa m'malere. Pa 74LS imawerengedwa 1 ndithu, ndiye decoder imangokakamira pa Y7. Pa 74HC zimaipiratu, mwendo wolekedwa umatola chilichonse cha mumpweya, LED imaphethira, mukayandikitsa dzanja imayaka, mukalichotsa imazima, mpaka ana ena amayamba kuopa breadboard yawo yomwe.

Njira yomwe imagwira pa mitundu yonse iwiri ndi resistor ya 10k kapena 4.7k kuchokera ku input kupita ku 5V, ndi switchi kuchokera ku input kupita ku ground. Switchi yotsegula ndi 1, yotseka ndi 0. Kumbukirani zimenezi chifukwa pa DIP switch mbali yolembedwa ON tsopano ikutanthauza 0, ndi pomwe pamachokera kutembenuka ndinanena kuja, koti mzere 7 ukuoneka pa 0, mzere 6 pa 1, mzere 5 pa 2. Matani kapepala pa switchipo mulembe 0 ndi 1 mbali zoyenera.

Ena amakonda resistor yokokera ku ground kuti ON ikhale 1. Pa HC 10k ili bwino. Pa LS ayi, chifukwa input ya LS ikakhala pa 0 imatulutsa current yofika mpaka 0.4 mA, ikadutsa mu 10k voltage imakwera kupitirira 0.8 V yomwe ndi malire a 0, ndiye IC siidziwanso kuti mukuti chani. Ngati mukufunabe choncho tsikani ku 1k. Ndi mita, input ya LS ikhale pansi pa 0.8 V kuti ndi 0, pamwamba pa 2 V kuti ndi 1. Mukapeza 1 point chakuti pa mwendo wa input, mwendo umenewo uli m'malere.

Pa HC ngakhale ma gate omwe simukuwagwiritsa ntchito, ma input ake amangeni ku ground kapena ku 5V. Ma output okha ndi omwe mumawasiya.

Imagwira kenako n'kusiya, kenako n'kugwiranso

Yambani ndi magetsi. 74LS imafuna pakati pa 4.75 ndi 5.25 V, siinyengerera. 74HC imalola kuyambira 2 mpaka 6 V. Chaja ya foni yabwino imakwana, koma iyezeni kaye circuit ili yolumikizidwa chifukwa ma chaja ena otchipa amalemba 5V pomwe akutulutsa zina. Ngati mukudutsira pa 7805, regulator yotsitsa magetsi kufika 5V, imafuna ma volts osachepera 7 polowa, ndiye kabatire ka 9V kaja kakayamba kufooka, 5V yanu imatsika mwakachetechete ma LED akayaka ambiri. Magetsi akazima ana ambiri amathawira ku power bank, ndipo amadabwa kuti circuit ikuzima yokha pakangopita kanthawi. Si circuit, ma power bank ambiri amadzizimitsa akaona kuti chomwe chalumikizidwa chikukoka current yochepa kwambiri, amayesa kuti foni yadzadza.

Kenako kapasita. Pa IC iliyonse ikani ya 100 nF, ija yaing'ono yolembedwa 104, pakati pa mwendo wa 5V ndi ground, pafupi ndi IC momwe mungathere. Mtengo wake ndi wochepa zedi koma imachotsa mavuto ambiri osadziwika mutu wake. M'ma board a TV zakale zomwe ndimaphwasula muno timakhalamo tambirimbiri, ndimangopatsa ana ulere.

Kusakaniza mitundu nakonso kumavuta mbali imodzi. HC kudyetsa LS palibe nkhani. Koma LS kudyetsa HC, output ya LS ikakhala 1 datasheet imangolonjeza 2.7 V, pomwe HC pa 5V imafuna cha m'ma 3.5 V kuti itsimikize kuti ndi 1. Nthawi zambiri zimagwira, tsiku lina zimakana, makamaka ngati pa output yomweyo mwapachikaponso LED. Ngati decoder ndi LS, gate ikhalenso LS kapena HCT, kapena ikani resistor yokokera ku 5V pa mawaya amenewo.

Za LED zomwezi, musaiike popanda resistor, ndipo musaipachike pa output ya decoder yomwe ikupitanso ku NAND kuchokera pa output kupita ku ground, imakokera voltage pansi mpaka NAND kusokonezeka. LS imatha kumeza 8 mA ikakhala pa 0 koma ikakhala pa 1 imangopereka 0.4 mA yotsimikizika. Mukafuna kuona Y iliyonse, LED ichokere ku 5V kudzera mu 470 ohms kulowa ku output, iziyaka output ikasankhidwa. Ndipotu ma LED 8 otere ndi chida chabwino kwambiri choyesera: pa mzere uliwonse iyake imodzi yokha, ndipo iziyenda mwa ndondomeko kuyambira Y0 mpaka Y7 mukamawerenga 000 mpaka 111. Ikadumpha kuchoka pa Y0 kupita pa Y4 mwadziwa kale nkhani yake.

Mukafika poika relay

IC siingakoke relay yokha. Pakati pakhale transistor ngati 2N2222 yokhala ndi resistor pa base, ndipo pa koyilo ya relay pakhale diode ya 1N4007, mbali ya kamzere iloze ku plus. Popanda diode imeneyi relay ikamazima imabweza voltage yaikulu yomwe imapha transistor, ndipo ndi nthawi ngati zimenezi pomwe IC imapsadi. Mbali ya 230 V ya pampu isayandikire breadboard ngakhale pang'ono, chonde abale anga, pa project onetsani ndi babu laling'ono la 12 V, za pampu yeniyeni zikhale m'bokosi lake ndi contactor ndipo azimange munthu wodziwa za magetsi a m'nyumba.

Ma input akakhala anayi

74154 ndi 4-to-16 koma ndi yaikulu, miyendo 24, ndipo kuipeza ndi mwayi. Ma 74138 awiri amachita zomwezo. Ma bit atatu ang'onoang'ono apite ku pini 1, 2, 3 za ma IC onse awiri. Bit yaikulu yolemera 8 ipite ku pini 4 ya IC yoyamba komanso ku pini 6 ya yachiwiri. Yoyamba pini 6 ku 5V, pini 5 ku ground, yachiwiri pini 4 ndi 5 ku ground. Bit ija ikakhala 0 yoyamba imadzuka n'kupereka mizere 0 mpaka 7, ikakhala 1 yachiwiri imapereka 8 mpaka 15, osafuna NOT gate. Cholakwika cha apa n'chodziwikiratu: mzere 2 ndi mzere 10 zikamachita zofanana, 5 ndi 13 chimodzimodzi, ndiye kuti bit yaikuluyo siikufika pa enable. Ndipo kumbukirani kuti minterm 11 ndi Y3 ya IC yachiwiri, muzichotsa 8.

Nthawi zina wiring ili bwino, yolakwika ndi truth table

Izi zimachitika ndithu ndipo mita siingakuthandizeni. Circuit ikutsatira table mokhulupirika koma table siikunena zomwe funso likufuna. Werengani mzere uliwonse mokweza m'Chichewa: "pansi mulibe madzi, thanki yatsika, munthu wadina, kodi pampu iyende?" Mukamva nokha mukuyankha kuti ayi pomwe pa pepala pali 1, mwaupeza. Onetsetsaninso zomwe sensor yanu imatulutsa, float switch ina imatseka madzi akakwera, ina imatseka akatsika, ndiye T wanu atha kukhala wotembenuka musanafike n'komwe pa decoder. Ngati aphunzitsi akufuna muyerekeze ndi yankho la K-map, njira ija yofupikitsira truth table yomwe Maurice Karnaugh anaifalitsa mu 1953, ma kolamu ake amayenda 00, 01, 11, 10, osati 00, 01, 10, 11. Pa pampu yathu muyenera kupeza MT + MD. Mukapeza zina, bwererani ku ndondomeko ya ma kolamuyo musanakayikire decoder.

Nanga IC yakufadi imaoneka bwanji?

Zimachitika, makamaka ngati inaikidwapo chozondoka kapena inalawa 9V kapena 12V mwachindunji. Ikamatentha moti chala sichingakhalepo, zimitsani msanga muone komwe kachibowo kaloza. Koma musanaiweruze ichitireni chilungamo. Chotsani mawaya onse pa ma output 8, chifukwa ma output awiri akagwera mu mzere umodzi wa mabowo asanu aja amalimbana ndipo mita imaonetsa voltage yapakatikati ngati IC yadwala. Yezani pini 16 ndi 8, yezani 4, 5 ndi 6, kenako ma input atatu muwalumikize ndi mawaya olunjika ku ground, osadzera pa switchi. Pini 15 ikhale pansi, cha m'ma 0.5 V kapena kucheperapo, ma output enawo akhale pamwamba. Samutsani waya wa pini 1 kupita ku 5V, pini 14 itsike, 15 ikwere. Pitirizani choncho mpaka onse atatu ali ku 5V ndipo pini 7 yatsika. Ngati pa mzere wina palibe yomwe yatsika, kapena zatsika ziwiri, kapena mwendo umodzi wangokakamira malo amodzi pa mizere yonse, isamutsireni pa mbali ina ya breadboard muyesenso kamodzi, poti mabowo a breadboard yakale amakhala otayirira. Ikakanikanso pamenepo ndiye yapitadi, ipindeni miyendo musanaitaye kuti isabwererenso m'kabokosi n'kukavutitsa mnzanu.

Amene mukubwera ku benchi sabata ino, bweretsani breadboard momwe ilili osazula kanthu, pepala la truth table lokhala ndi kolamu ya zomwe mwaona, ndi chaja kapena batire lomwe mumagwiritsa ntchito kunyumba, osati lina lobwereka pa njira.